Kodi mzinda wa Aad wapezeka? Zimene makina aona ndi zimene sangaone

Kumapeto kwa Okutobala 2024, akatswiri ofukula zakale a ku France ndi ku Saudi Arabia analengeza kuti apeza mabwinja a tauni yakale pansi pa miyala yakuda ya ku Khaybar, dera limene aliyense wokhalako pa mkeka wa madrassah amalidziwa kuchokera m'mbiri ya Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye). Tauniyo aitcha al-Natah. Anthu anayamba kukhalamo cha m'ma 2400 Mneneri Isa asanabadwe, ndipo akatswiriwo akuti munkakhala anthu pafupifupi 500. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho, gulu lomweli linali litaonetsa kuti zitsime ndi minda ya tende ya ku Khaybar zinazingidwa kalekale ndi linga lozungulira mtunda wa makilomita 14.5.

Nkhani zoterezi zafika pochuluka. Maboma a ku Arabia akuthira ndalama zankhaninkhani pa ntchito yofukula zakale, ndipo ofufuza a lero ali ndi zida zimene anzawo akale sanazilote n'komwe: zithunzi za setilaiti, radar yoona pansi pa mchenga, madroni, ndi makompyuta osanthula zithunzi zambirimbiri pa nthawi yochepa. Ku Abu Dhabi, ofufuza a pa Khalifa University aphunzitsa kompyuta kuzindikira zizindikiro za mabwinja pa zithunzi za radar za malo otchedwa Saruq al-Hadid, m'mphepete mwa chipululu cha Rub al-Khali, kumene anthu akale ankasungunula mkuwa.

Koma nkhanizi zikamafika kwa ife kuno, zimakhala zitasintha nkhope. Sabata silitha uthenga usanalowe m'mafoni mwathu wakuti mzinda wa anthu a Aad wapezeka ndipo Qur'an yatsimikizika. Timautumiza kwa abale ndi mtima wabwino, timaukamba pakhonde la mzikiti, ndipo ena amafika nawo ngakhale pa ulaliki. Ana athu amamva. Ena mwa iwo adzapita ku sukulu zapamwamba, adzafufuza, ndipo adzapeza kuti zina mwa zimene tinawauza sizinali choncho. Tsiku limenelo chimene chidzagwedezeke mumtima mwawo ndi chikhulupiriro chimene tinachitsamiritsa pa nkhani zakumva. N'chifukwa chake tiyenera kuunika modekha zimene ofufuzawa anapezadi, poyambira pa zimene Buku lathu linanena.

Zimene Qur'an inanena

Dzina loti Iram limapezeka kamodzi kokha m'Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Fajr ndime 6 mpaka 8, pamene Allah akukumbutsa za chilango cha Aad ndi kutchula Iram ya nsanamira, imene inalibe inzake. Surah Al-Ahqaf ndime 21 imatiuza kuti Mneneri Hud (mtendere ukhale pa iye) anachenjeza anthu ake ku al-Ahqaf, mawu otanthauza zitunda zazitali za mchenga. Surah Ash-Shu'ara imawadzudzula chifukwa chomanga zipilala pa malo okwera mongodzionetsera, ndi kumanga malinga ngati anthu oti sadzafa. Surah Fussilat imanena za kudzitama kwawo ndi mphamvu. Mapeto awo anali mtambo umene anausangalalira poganiza kuti ndi mvula, pamene unali chimphepo chimene, malinga ndi Surah Al-Haqqah, chinawomba kwa mausiku 7 ndi masiku 8.

Tikawerenga ndime zonsezi tiona kuti Qur'an inalongosola bwino khalidwe la anthuwa ndi chiweruzo chawo, koma sinatipatse mapu. Sinatchule chaka, sinatchule mtunda, sinatchulenso ngati Iram ndi mzinda, dera kapena fuko. Chimene inatipatsa ndi ndondomeko ya mibadwo. Surah Al-A'raf ndime 69 imaika Aad pambuyo pa anthu a Mneneri Nuh, ndipo mu Surah Ghafir munthu wokhulupirira wa m'nyumba ya Farawo akutchula Aad monga anthu amene anaonongeka kale pa nthawi ya Mneneri Musa. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa tiifuna kutsogoloku.

Njira ya ku Ubar

Rub al-Khali ndi chipululu cha mchenga chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 650,000, kuposa kasanu kukula kwa dziko la Malawi. Aluya oweta ngamila akhala akusimba za mzinda wolemera wotchedwa Ubar kapena Wabar umene unamizidwa ndi mchenga, ndipo ambiri ankaugwirizanitsa ndi Iram. Mu 1930, Mngelezi wina, Bertram Thomas, akuyamba ulendo wodutsa chipululuchi, anamuonetsa tinjira takale ta ngamila n'kumuuza kuti imeneyo ndiyo njira ya ku Ubar. Mu 1932 Mngelezi mnzake, St John Philby, anaperekezedwa ku malo otchedwa Wabar, kumene ankati kuli makoma opserera a nyumba yachifumu. Atafika anapeza maenje aakulu, zidutswa za chitsulo ndi mchenga wosungunuka ngati galasi. Anali malo amene panagwa mwala wochokera kumwamba. Kumeneko kunali kukhumudwa koyamba, ndipo kunaonetsa kuti malo akhoza kukhala ndi dzina lotchuka popanda mzinda.

Patapita zaka 50, wojambula mafilimu wa ku Los Angeles, Nicholas Clapp, anaiyambanso nkhaniyi. Anaunika mapu a Ptolemy, katswiri wakale wa ku Alexandria, amene anatchula fuko la dzina lofanana ndi Ubar kummwera kwa Arabia. Kenaka anapempha thandizo kwa asayansi a NASA. Iwowa anali ndi chifukwa chomumvera, pakuti mu 1981 radar yonyamulidwa ndi chombo cha Columbia inali itaonetsa mitsinje yakale yokwiririka pansi pa mchenga wa Sahara. Radar imatumiza mafunde pansi n'kuyeza mmene abwerera. Mchenga ukakhala wouma kwambiri, mafundewo amaulowa mamita ochepa n'kugunda nthaka yolimba ya pansi. Mu 1984 chombo cha Challenger chinajambula dera la kummwera kwa Oman, ndipo zithunzizo anaziphatikiza ndi za masetilaiti a Landsat ndi SPOT. Zimene zinaoneka sizinali nyumba. Zinali njira zimene mapazi a ngamila anazipondaponda kwa zaka mazanamazana, zambiri zikulunjika pa chitsime cha Shisr, m'chigawo cha Dhofar.

Clapp, pamodzi ndi Ranulph Fiennes ndi katswiri wofukula zakale Juris Zarins, anakumba pa Shisr kumapeto kwa 1991 ndi kumayambiriro kwa 1992. Anapeza linga la makoma ochindikala lokhala ndi nsanja zingapo, mapale a mbiya zochokera kutali, ndi zofukizira lubani. Mbali yaikulu ya lingalo inali itagwera m'chidzenje, chifukwa linamangidwa pamwamba pa phanga la mwala wa laimu limene munkachokera madzi, ndipo denga la phangalo linagumuka. Mu Febuluwale 1992 manyuzipepala a dziko lapansi analengeza kuti Ubar wapezeka. Zoonadi panali chinthu chamtengo wapatali. Shisr anali malo opumulirapo amalonda a lubani, utomoni wa mtengo umene umamera ku Dhofar, asanalowe m'chipululu pa ulendo wa kumpoto. Lubani amene timafukiza m'nyumba zathu ali ndi dzina lochokera ku Chiarabu, ndipo malonda ake ndiwo analemeretsa kummwera kwa Arabia kalelo. Mu 2000 bungwe la UNESCO linaika Shisr pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lapansi, limodzi ndi Wadi Dawkah, Khor Rori ndi Al-Baleed.

Pamene nkhani ikusemphana

Funso lathu ndi lakuti, kodi Shisr ndiye Iram? Pali zinthu zinayi zimene mauthenga a m'mafoni satchula. Choyamba, mabwinjawa sanali obisika. Eni dera ankawadziwa, ndipo Bertram Thomas komanso Wilfred Thesiger, amene anadutsa pa chitsimecho zaka zambiri m'mbuyomo, analemba za linga lakugwa limene analiona. Chachiwiri, Shisr ndi linga laling'ono la pa chitsime, ndipo n'kovuta kulitcha mzinda wopanda unzake. Chachitatu, Qur'an imati Aad anaonongedwa ndi mphepo, nyumba zawo n'kutsala zili chiimire, pamene linga la Shisr linamira m'dzenje. Chachinayi ndi cha nthawi. Pamalopo panapezekanso zinthu za m'nyengo ya Chisilamu, kuphatikizapo tizidutswa ta masewero a chess, kusonyeza kuti anthu ankakhalapobe Mtumiki wathu atabwera kale. Koma taona kuti Aad anali atatha kale pa nthawi ya Musa. Palibenso cholembedwa chilichonse chimene chinafukulidwa pa Shisr chotchula Iram kapena Hud. Patapita zaka zochepa, Zarins mwini wakeyo ananena poyera kuti Ubar liyenera kuti linali dzina la dera ndi anthu ake, osati la mzinda umodzi.

Ndiponso Shisr si malo okha amene anapatsidwapo ulemu umenewu. Olemba ena akale ankati Iram ndi Damascus, ena ankati ndi Alexandria. Ku Wadi Rum, kummwera kwa Jordan, kunapezeka zolembedwa pa miyala zotchula malowo ndi dzina loti Iram. Ku Hadhramaut, m'dziko la Yemen, kuli malo amene anthu amati ndi manda a Mneneri Hud, ndipo amakayenderako mwezi wa Sha'ban. Malo onsewa sangakhale oona nthawi imodzi. Setilaiti ikhoza kuonetsa njira, radar ikhoza kuonetsa khoma, makina oyezera akhoza kunena zaka za khala lopezeka m'phulusa. Koma palibe makina amene angauze khoma dzina lake ngati omanga sanalilembepo. Dzina amaikapo ndi anthu, ndipo anthu amakhala ndi zofuna zawo.

Maulama anachenjeza kale

Wina angaganize kuti kukayika kotere ndi maganizo a anthu osakhulupirira. Mbiri ya maphunziro a Chisilamu ikukana zimenezo. M'mabuku ena akale munalowa nthano yakuti mfumu Shaddad mwana wa Aad anamanga mzinda wa njerwa za golide ndi siliva pofuna kutsanzira Jannah, ndi kuti munthu wina wofunafuna ngamila zake zosochera anaupeza m'masiku a Mu'awiyah. Imam Ibn Kathir, amene anamwalira ku Damascus mu 1373, anachenjeza owerenga tafsir yake kuti asanyengedwe ndi nthano imeneyi, naiika m'gulu la nkhani zopeka. Ibn Khaldun, amene anamwalira ku Cairo mu 1406, anaitenga nkhani yomweyi m'buku lake la Muqaddimah monga chitsanzo cha zolakwa za olemba mbiri. Anafunsa kuti zitheka bwanji mzinda wotere osaonedwa ndi aliyense m'dera limene apaulendo amadutsamo nthawi zonse, ndipo anaona kuti Iram likhoza kukhala dzina la fuko, nsanamirazo n'kukhala mizati ya mahema awo. Anthu awiriwa sanakayike ndime ya Qur'an ngakhale pang'ono. Anakana zowonjezera za anthu, chifukwa ankadziwa kuti bodza lomatidwa pa choonadi limadetsa choonadicho.

Zowonjezera za masiku ano zimabwera ndi zithunzi. Ambiri a ife tinaonapo chithunzi cha munthu akukumba pambali pa mafupa a chimphona, chokhala ndi mawu akuti ogwira ntchito pa kampani ya mafuta apeza mtembo wa munthu wa Aad m'chipululu cha Arabia ndipo boma labisa. Chithunzi chimenecho chinapangidwa pa kompyuta mu 2002, pa mpikisano wosintha zithunzi wa pa intaneti wotchedwa Worth1000. Wochipangayo anatenga chithunzi cha malo ena a m'chigawo cha New York kumene ankafukula mafupa a nyama yakale yonga njovu, n'kuikapo mafupa a munthu. Papita zaka zoposa 20, koma chikuyendabe pakati pathu. Ndipo mu Malichi 2025 ofufuza ena a ku Italy ananena kuti radar ya setilaiti yaonetsa zipilala ndi zipinda mamita mazanamazana pansi pa mapiramidi a ku Giza. Akatswiri a za Egypt, kuphatikizapo Zahi Hawass, anazikana, ndipo odziwa za radar anakumbutsa kuti mafunde amenewa sangalowe m'thanthwe mozama chotero. Mawu oti setilaiti ndi radar asanduka chidindo chimene wabodza amadinda pa nkhani yake kuti ife tiope kufunsa.

Ndalama ndi maina

Palinso mbali ya chuma imene tiyenera kuiona. Dziko la Saudi Arabia linakhazikitsa ndondomeko ya Vision 2030 mu 2016 pofuna kuchepetsa kudalira mafuta, ndipo zokopa alendo ndi umodzi mwa mizati yake. Mu 2017 linakhazikitsa bungwe la Royal Commission for AlUla loyang'anira dera limene muli al-Hijr, malo otchedwanso Hegra kapena Mada'in Salih. Ndalama zimenezi zathandiza ntchito yabwino ya sayansi, ndipo zimene zapezeka ku Khaybar ndi chipatso chake. Komabe malo okhala ndi dzina la m'Buku lopatulika amakopa alendo ambiri kuposa malo opanda dzina, ndipo olemba nkhani amadziwa mutu umene umagulitsa. Ku al-Hijr komweko, zipinda zokongola zosemedwa m'matanthwe, zoposa 100, zimene zithunzi zake timatumizirana ngati nyumba za Thamud, ndi manda a anthu a Nabataea. Ena mwa mandawa ali ndi maina a eni ake ndi zaka zake, za m'nyengo ya Mneneri Isa. Kuti dera limenelo ndi la Thamud tikudziwa kuchokera m'Hadith, koma manda amenewo anasemedwa ndi anthu ena obwera pambuyo pake.

Sitikunena kuti ntchito yofukula zakale ilibe phindu kwa Msilamu. Zolembedwa za mfumu Sargon II ya ku Assyria, za cha m'ma 715 Mneneri Isa asanabadwe, zimatchula Thamud pakati pa mafuko a ku Arabia. Malinga a ku Khaybar ndi njira za lubani zikuonetsa kuti Arabia wakale sanali dziko lopanda kanthu, koma munali matauni, malonda ndi anthu odziwa kumanga, amene anakwera n'kugwa monga mmene Qur'an imasimbira za mibadwo yakale. Zimenezi n'zoyenera kuziphunzira ndi kuzisangalalira. Mwina tsiku lina khasu lidzagunda mwala wolembedwa dzina la Iram pamalo ndi pa nthawi yogwirizana ndi Buku, ndipo tidzathokoza Allah. Mwinanso silidzaugunda, ndipo ndime za Surah Al-Fajr sizidzachepa mphamvu chifukwa cha zimenezo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmene Mtumiki anadutsira pa mabwinja

Chitsanzo chachikulu tili nacho kale. Mu chaka cha 9 cha Hijrah, pa ulendo wa ku Tabuk, Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anadutsa pa al-Hijr pamodzi ndi Maswahaba. Bukhari ndi Muslim anasimba kuti anawaletsa kulowa m'malo a anthu olangidwawo pokhapokha akulira, kuopa kuti zimene zinawagwera zingagwerenso iwo. Analamula kuti madzi otungidwa m'zitsime zawo atayidwe, ufa wokandidwa ndi madziwo apatse ngamila, kupatula madzi a pa chitsime chimene inkamwera ngamila ya Mneneri Salih. Kenaka anafunda kumutu n'kufulumiza ulendo. Anali ataima pa umboni weniweni, wooneka ndi maso, koma sanautenge ngati chida chogonjetsera otsutsa kapena ngati malo osangalalirapo. Anautenga ngati chenjezo kwa iye ndi kwa anthu ake. Makolo athu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho uthenga wotsatira ukadzalowa m'foni, tiyeni tichite zimene Surah Al-Hujurat ndime 6 imatilamula pa nkhani zotifika, ndiko kufufuza tisanachitepo kanthu. Tifunse kuti wakumba ndani, wakumba kuti, zinthuzo ndi za zaka ziti, ndipo dzinalo lalembedwa pa mwala kapena laikidwa ndi wolemba nkhani. Ngati mayankho palibe, uthengawo uthere m'foni mwathu. Masheikh ndi aphunzitsi a m'madrassah ali ndi udindo waukulu pano, chifukwa mawu otuluka pa mimbari mwana amawasunga ngati gawo la chipembedzo. Ndi bwino kumuuza mwana kuti malo a Iram amawadziwa ndi Allah, kusiyana ndi kumuonetsa mafupa a pa kompyuta.

Ndipo mwanayo akafunsa za Aad, tili ndi zambiri zomuuza zosafuna setilaiti. Anali anthu amphamvu amene anaona ngati mphamvu zawo ndi zawozawo. Ankamanga kuti aonedwe, ankamenya mopanda chifundo, ndipo atachenjezedwa ndi m'bale wawo anamutcha wopusa. Makhalidwe amenewa sanakwiririke ndi mchenga. Timakumana nawo m'misika, m'maofesi, m'mabanja, ndiponso m'mitima mwathu. Allah atiteteze ku mtima wa Aad, ndipo atipatse lilime losawonjezera kanthu pa mawu Ake.